Chipewa chokana mutu: kukonza mzere woyamba ndi sitichi yosamutsa

Chipewa choyamba chimene ndinaluka chinali cha mwana wa achemwali anga, wobadwa mu June, nthawi ija chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'mafupa. Ndinachigwira masiku anayi, ulusi wachikasu, zala zikuchita kuwawa. Tsiku lokachipereka, chipewa chinakana mutu. Kumtunda chinali chofewa bwinobwino, koma m'munsi, pamene ndinayambira, chinali gwa ngati mkombero wa lichero. Achemwali anakoka uku ndi uku, mwana anayamba kulira, ine manyazi bii. Mayi aang'ono, amene anandigwiritsa singano koyamba, anachitembenuza kawiri n'kundifunsa kuti, "Iwe, umaluka kapena umamanga mbuzi?"

Chipewacho chinathera pamutu pa chidole. Chiyambireni ndaphunzitsako atsikana ndi amayi angapo, ndipo pafupifupi aliyense amapunthwa malo awiri omwewo: poika masitichi oyamba pa singano, zimene mapateni a Chingerezi amalemba kuti cast on, ndi posamutsa sitichi osailuka, imene amalemba kuti slip kapena sl. Chovuta chake n'chakuti cholakwikacho sichioneka pomwepo. Mumadzachiona mutaluka kale mizere 20. Wodziwa kuyang'ana sitichi ikadali pa singano, n'kuona mmene yakhalira ndi kumene ulusi wagona, amachigwira chisanapite patali.

Singano ndi ulusi zigwirizane kaye

Nthawi zina mumadziimba mlandu pamene wolakwa ndi singano. Onani kapepala kokulunga mpukutu wa ulusi. Wolembedwa DK, umene ambiri timalukira majuzi a sukulu ndi zipewa za ana, umayenda ndi singano za 4 mm, ndipo masitichi 22 amakwana masentimita 10. Wa 4 ply ndi wowonda, umafuna singano za 3.25 mm, masitichi pafupifupi 28 pa masentimita 10 omwewo. Ngati singano zanu n'zolandira kwa agogo, zija zachitsulo zokhala ndi nambala pa kamutu, dziwani kuti manambala akale a ku Britain amayenda chafutambuyo: nambala ikamakwera, singano ikuwonda. Nambala 8 ndi 4 mm, nambala 10 ndi 3.25 mm. A ku America ali ndi awoawo: kwa iwo nambala 8 ndi 5 mm, pamene 4 mm ndi nambala 6. Pateni ya pa intaneti ikangoti nambala 8, musathamange, fufuzani mamilimita ake.

Ambirife tinaphunzirira pa masipoko a njinga onoledwa pamwala. Amaluka ndithu, palibe chamanyazi. Koma sipoko ndi pafupifupi 2 mm, theka la singano imene DK imafuna, kotero chilichonse chimatuluka cholimba ngati chiguduli ngakhale dzanja lanu likhale lofewa bwanji. Ngati za kusitolo mulibe, bola kusema timitengo tiwiri ta nsungwi, kunenepa kwake kupitirira pang'ono theka la pensulo, n'kutipala ndi phale la botolo mpaka tisalale.

Pophunzira sankhani ulusi wowala komanso wosalala. Wakuda kapena waubweyaubweya umabisa masitichi, makamaka madzulo magetsi atazima mukudalira tochi ya foni. Ulusi womasula ku juzi ya pa kaunjika umakhala wopotanapotana ngati tsitsi longomasula kumene, ndipo mukaulukira choncho mzere woyamba umatuluka wosalingana. Ukulungeni kumsana kwa mpando, muumange malo anayi, muuviike m'madzi n'kuuyanika pamthunzi. Ukakanabe, upititseni pa nthunzi ya ketulo.

Mfundo yoyamba

Siyani mchira wa ulusi wautali. Pindani ulusi kuti upange lupu, lowetsani chala chachikulu ndi cha mkombaphala m'lupumo, gwirani ulusi n'kutulutsa lupu ina, muiveke pa singano, mukoke pang'ono. Kuti mudziwe ngati mwaikhoza, ichotseni pa singano ndi kukoka nsonga ziwirizo. Ikamasuka yokha osasiya kanthu, ndi imeneyo. Ikasiya kamfundo kouma, mwamanga mfundo wamba, yambiraninso.

Iyenera kuyenda pa singano mukaikankha ndi chala. Ndipo muziiwerenga: mfundo imeneyi ndiyo sitichi yanu nambala 1. Ambiri amaiiwala, pateni ikati 40 iwo amapezeka ndi 41, kenako rib, nsalu yotanuka ija ya m'mphepete mwa chipewa kapena juzi, imakana kuthera bwino kumapeto kwa mzere.

Njira ya mchira wautali

Iyi ndi imene mapateni amati long-tail cast on, ndipo ndi imene ndimayamba kuphunzitsa chifukwa imapereka mphepete yaukhondo yotanuka bwino.

1. Gwirani singano yokhala ndi mfundo ija kudzanja lamanja, chala cha mkombaphala chitapanikiza mfundoyo kuti isazungulire.
2. Lowetsani chala chachikulu ndi cha mkombaphala cha kumanzere pakati pa ulusi uwiriwo n'kuzitambasula. Mchira ukhale pa chala chachikulu, mbali yanu. Wochokera ku mpukutu ukhale pa mkombaphala. Zala zitatu zotsalazo zifumbate nsonga zonse m'chikhatho.
3. Tsitsani singano pang'ono, zioneke ngati legeni. Lowetsani nsonga ya singano m'lupu ya pa chala chachikulu kuchokera pansi.
4. Pitani nayo pamwamba pa ulusi wa pa mkombaphala, muukole, mubwerere nawo kudzera m'lupu ija ya pa chala chachikulu.
5. Chotsani chala chachikulu m'lupumo, muchilowetsenso pansi pa mchira, muchitambasule pang'onopang'ono. Kutambasulako ndi kumene kumamanga sitichi.

Ena anaphunzira kukulunga mchira pa chala chachikulu chokha n'kumaluka lupuyo ndi dzanja lamanja. Mphepete yake imatuluka chimodzimodzi, musasinthe ngati dzanja linazolowera.

Vuto loyamba ndi mchira kutha mutatsala ndi masitichi asanu. Zimapweteka mtima, ndipo kulumikiza kachidutswa pamenepo kumasiya mfundo pamalo poonekera. Yezani musanayambe: mchira ukhale kutalika katatu kuposa mulifupi mwa chimene mukuluka, n'kuwonjezerapo masentimita 15 odzasokera. Chipewa cha khanda cha masentimita 32, chimene pa DK ndi masitichi pafupifupi 70, chimafuna mchira wa masentimita 110 kapena kupitirirako pang'ono. Tepi ikasowa, kulungani ulusi pa singano kakhumi, muumasule. Kutalika kumeneko n'kwa masitichi khumi. Pindani choncho kasanu ndi kawiri ngati mukufuna 70. Pa shawelo ya mwana, pamene masitichi amapitirira 150, ine sindiyeza n'komwe. Ndimatenga nsonga ya mkati ndi ya kunja ya mpukutu womwewo, ndimamanga mfundo yoyamba ndi ziwiri zonse, ina ikhala pa chala chachikulu, ina pa mkombaphala. Mchira wotere suutha. Mukamaliza, dulani umodzi kusiya kachidutswa kosokera, ndipo mfundo yaiwiri ija musaiwerenge, mudzaimasula mukafika kumapeto kwa mzere woyamba.

Mchira ukhale pa chala chachikulu nthawi zonse, chifukwa ulusi wa pa mkombaphala ndi umene umadyeka kwambiri. Mukasinthanitsa, muyezo uja sukwana. Mudzaonanso kuti mchira umayamba kumasuka nkhosi zake kapena kupotana mukamapita. Usiyeni ulendewere kamphindi masitichi khumi aliwonse, ubwerera wokha.

Tsopano vuto la chipewa changa chija, kuthina. Zizindikiro zake: masitichi akukana kuyenda pa singano, mzere woyamba mukuchita kubaya ndi mphamvu, ulusi ukulira kwiki kwiki pa chitsulo, nsonga ya chala chayamba kufiira. Malangizo amene mungamve kwa aliyense ndi akuti gwirani singano ziwiri pamodzi poika masitichi, mukamaliza musololepo imodzi. Zimathandiza pa chinthu chimodzi: mzere woyamba umalukika mosavuta poti malupu akula. Koma mphepete siitanuka chifukwa cha kukula kwa malupu. Chimene chimagwira mphepete ndi ulusi wa pa chala chachikulu, uja umamanga kunsi kwa sitichi iliyonse. Mukaukoka mpaka sitichi yatsopano igundane ndi inzake, mphepete ithina ngakhale mutagwiritsa singano zitatu. Kumtunda kudzakhala malupu otayirira, kunsi chingwe cholimba.

Chochita n'chophweka. Pomanga sitichi yatsopano, ikani chala cha mkombaphala cha kumanja pa singano pafupi ndi sitichi yapitayo, kuti yatsopanoyo iime patali pang'ono. Mpata wake ukhale woti ulusi umodzi ungagonepo. Mukaika khumi, tambasulani: masitichi khumi a DK ayenera kufika masentimita anayi ndi theka osakakamiza, ndipo mukakoka apitirire. Akakana, masulani pomwepo. Kumasula masitichi khumi sikuwawa ngati kumasula chipewa.

Kukhwepa nako kulipo, makamaka kwa amene anadzudzulidwapo za kuthina n'kuyamba kuopa kukoka. Mphepete imakhala ndi timalupu tolendewera, tina tatikulu tina tating'ono, ngati mano a msumeno wakale. Kawirikawiri chimachititsa ndi zala zitatu zija za m'chikhatho kutaya ulusi pakati pa ntchito. Fumbatani mofanana kuyambira sitichi yoyamba mpaka yomaliza, ndipo yesetsani kuika masitichi onse nthawi imodzi. Mukasiya pa 30 kukatereka ndiwo, dzanja limabwera ndi mphamvu zina.

Powerenga, pangani timalupu ta ulusi wa mtundu wina, muziveka kamodzi pa singano masitichi 10 kapena 20 aliwonse. Wina akakuyankhulitsani, muwerenga kuchokera pa kalupu komaliza basi.

Chinthu chimodzi chimene pateni sinena kawirikawiri: njira imeneyi imaluka kale mzere umodzi wa knit, sitichi imene imatuluka yosalala ngati V mbali imene ikukuyang'anani poluka. Mbali imene ikukuyang'anani poika masitichi ndiyo yosalala; mukatembenuza singano kuti muyambe, mukuyang'ana mbali ya timatotomatoto. Ngati mukuluka chosalala kumaso, knit mbali ina, purl (sitichi yosiya timatotomatoto mbali imene ikukuyang'anani poluka) mbali ina, yambani ndi mzere wa purl kuti mphepete yokongolayo ikhale kunja. Mukayamba ndi knit sikulakwa, kungoti kumaso kudzaoneka kamzere ka timatotomatoto m'munsi. Chachikulu, mbali zonse za juzi muziyambe mofanana.

Ndipo musanaluke sitichi yoyamba, onetsetsani kuti mwagwira ulusi wa ku mpukutu. Kuluka ndi mchira kumachitikira aliyense kamodzi. Umangodabwa ulusi wakuthera m'manja pakati pa mzere. Mchira wotsala upindeni n'kuumanga kamfundo kuti usakunyengeni.

Njira zina zitatu, mwachidule

Pali ija yongopotoza lupu pa chala n'kuiveka pa singano. Imafulumira, ndipo ana amaigwira msanga. Ine sindiikonda poyambira chinthu chachikulu. Mukamaluka mzere woyamba, ulusi wa pakati pa singano ziwiri umanka nutalika, pofika kumapeto mwatsala ndi chingwe chautali ngati chala chopanda kolowera. Ngati mwaigwiritsa, nsonga za singano zikhale pafupi nthawi zonse, osazitang'adza. Malo ake enieni ndi pamene mukufuna masitichi ochepa pakati pa ntchito, monga pamwamba pa bowo la batani kapena kukhwapa kwa juzi.

Yachiwiri ndi yoluka: mumalowetsa singano m'sitichi ngati mukuluka knit, mumatulutsa lupu, koma m'malo mogwetsa sitichi yakale mumaveka lupu yatsopanoyo pa singano ya kumanzere. Siifuna kuyeza mchira. Mphepete yake imakhala yotayirira pang'ono, ya timabowo. Kuluka mzere woyamba kudzera kumbuyo kwa masitichi kumaitsekako.

Yachitatu, imene amati cable cast on, ndi mphwake wa yachiwiriyo: singano imalowa pakati pa masitichi awiri omaliza, osati m'kati mwa sitichi. Mphepete yake ndi yolimba, yooneka ngati chingwe chopota, yabwino pa lamba wa mabatani. Imathina msanga. Chinsinsi chake, lowetsani singano pakati pa masitichi awiriwo musanakoke ulusi womanga sitichi imene mwangoikayo. Pa chipewa cha mwana kapena pakamwa pa sokosi, bwererani ku mchira wautali.

Masitichi akamachuluka okha

Munaika 30, mzere wachisanu muli ndi 33, sikafu ikunka nikula ngati siketi. Yang'anani sitichi yoyamba pa mzere. Mukatembenuza ntchito, ulusi uzilendewera pansi pa singano. Mukaukokera m'mwamba n'kuuponya kumbuyo kudutsa pamwamba pa singano, umakweza sitichi ya mzere wapansi, miyendo yake iwiri n'kumaoneka ngati masitichi awiri. Mukaluka yonse iwiri, mwawonjeza imodzi. Kokerani ulusi pansi, muone sitichi imodzi yeniyeni, kenako pitani nawo kumbuyo kudzera pansi pa singano.

Pa rib, ulusi umasintha mbali nthawi iliyonse mukachoka pa knit kupita pa purl. Uzidutsa pakati pa nsonga ziwiri za singano. Ukadutsa pamwamba, kapena mukaiwala kuubweza kumbuyo musanaluke knit, pamabadwa lupu yachilendo ndi kabowo pansi pake. Mukaipeza pa mzere wotsatira, lupu yopanda tsinde yongogona chopingasa pa singano, ingoigwetsani.

Oluka mozungulira, pa singano ya chingwe kapena pa singano zinayi: musanalumikize, yalani ntchito patebulo, timfundo tonse ta m'munsi tiyang'ane mkati. Mzere ukapotoka kamodzi kokha mukalumikiza choncho, kupotokako sikuchoka. Ine ndimaluka mizere iwiri kaye osalumikiza, chifukwa pamenepo kupotoka kumaoneka ndi maso. Kampata kotsalako ndimadzasoka ndi mchira.

Sitichi yosamutsa

Kusamutsa ndi kuchotsa sitichi pa singano ya kumanzere kuipititsa ya kumanja osakulungapo ulusi. Basi. Amene anayambira pa crochet asasokoneze: kumeneko slip stitch mumakoka ulusi, kuno simukoka kanthu.

Kuti muimvetse, yang'anani kaye mmene sitichi imakhalira. Imakhala pa singano ngati munthu wakwera njinga, mwendo wina mbali yanu, wina mbali ya uko. Pa singano ya kumanzere, mwendo wa mbali yanu ndi umene uyenera kutsogola, kukhala pafupi ndi nsonga. Ukatsogola wa kumbuyo, sitichi yakhala chotembenuka, ndipo mukailuka mwa nthawi zonse miyendo yake ipingasana kunsi ngati munthu wapinda miyendo. Sitichi yabwino mukaikoka imatseguka ngati V, yopotoka imamangika.

Pali njira ziwiri zolowetsera singano. Mukalowetsa ngati mukufuna kuluka purl, kuchokera kumanja, nsonga ndi nsonga zikuyang'anizana, sitichi imasamuka mmene inalili. Mapateni amati purlwise. Mukalowetsa ngati mukuluka knit, knitwise, sitichi imatembenuka. Lamulo lake: pateni ikangoti sl1 osanena zambiri, samutsani ngati purl. Samutsani ngati knit pokhapokha pateni yanena, kapena pamene kusamutsako kuli gawo la kuchepetsa masitichi. Ngati m'nsalu yanu mukuoneka mzere wa masitichi opotoka pamalo onse pamene munasamutsa, mwapeza chifukwa chake. Mukaigwira isanalukidwe, ilukeni kudzera mwendo wa kumbuyo, iwongoka yokha.

Funso lachiwiri ndi la kumene ulusi wagona pamene mukusamutsa. Poti sitichiyo siilukidwa, ulusi umailambalala n'kusiya kachingwe kopingasa, kutsogolo kapena kumbuyo. Pateni ikalemba wyib, ulusi ukhale kumbuyo. Wyif, ukhale kutsogolo. Apa pali msampha: kutsogolo kumene akunenako ndi mbali imene ikuyang'anizana nanu nthawi imeneyo, osati kumaso kwa chovala. Mukakhala pa mzere wa kuseri, wyif ikuika kachingweko kuseri kwa chovala. Pateni ikapanda kunena, kachingwe kabisike kuseri: ulusi kumbuyo pa mzere wa kumaso, kutsogolo pa mzere wa kuseri. Mukaona timizere topingasa kumaso kwa juzi pamene chithunzi cha pateni chilibe, ulusi unali mbali yolakwika. Mukaona kabowo ndi sitichi yowonjezera pafupi ndi pamene munasamutsa, munaubweza kudutsa pamwamba pa singano m'malo mwa pakati.

Ambiri amakumana ndi sitichi imeneyi koyamba pa mphepete ya sikafu kapena shawelo, pofuna kuti ikhale yaukhondo ngati tcheni. Pa nsalu ya knit mizere yonse, chitani chonchi: ulusi uli kutsogolo, samutsani sitichi yoyamba ngati purl, pititsani ulusi kumbuyo kudzera pakati pa singano, lukani mpaka kumapeto, yomaliza nayo ilukidwe. Mzere uliwonse chimodzimodzi. Pa nsalu yosalala kumaso, samutsani yoyamba ngati purl mbali zonse, ulusi kumbuyo pa mzere wa knit, kutsogolo pa mzere wa purl. Ine mzere woyamba weniweni ndimauluka wonse, kusamutsa ndimayamba pa wachiwiri, kuti ngodya isakokeke.

Zolakwika za pamphepetezi ndi zitatu. Choyamba, kuiwala mzere umodzi: tcheni chimaduka ndi kamfundo. Chachiwiri, kusintha njira pakati, lero ngati knit mawa ngati purl; mphepete imaoneka ngati yalukidwa ndi anthu awiri. Sankhani imodzi, muilembe pa kapepala. Chachitatu ndi chimene ndinachiona kwa mtsikana wina wa kwathu kuno: ankasamutsa yoyamba ndi yomaliza pa mzere uliwonse, poganiza kuti ukhondo uwirikiza. Mukatero masitichi a m'mphepete salukidwa n'komwe. Pakati pakukwera, m'mbali mwaima. Patapita mizere isanu ndi umodzi nsalu yake inali itapindika ngati mbale. Sitichi iliyonse ya m'mphepete iyenera kulukidwa kamodzi pa mizere iwiri. N'chifukwa chake diso limodzi la tchenicho limaimira mizere iwiri: maso 20 ndi mizere 40, njira yabwino yowerengera mukasokonezeka.

Tcheni chikamatuluka chotayirira, musalimbane ndi sitichi yosamutsayo. Lukani yachiwiri, ndipo singano ikadali m'kati kokani ulusi pang'ono. Kutayirira konse kumathera pamenepo.

Maganizo anga pa majuzi: mbali zimene mudzasoke pamodzi musazisamutsire. Tchenicho chili ndi maso aakulu, msoko umatuluka wa mipata, mphepo ya July n'kumalowera momwemo. Sungani kusamutsa pa mphepete zoonekera, ndi pa chidendene cha sokosi, pamene mudzafuna kutola masitichi m'mbali. Pa chidendenepo ndi pamene sitichiyi imaonetsa ntchito yake: mzere wa kumaso samutsani imodzi, lukani imodzi, mpaka kumapeto; wa kuseri samutsani yoyamba yokha, ena onse purl. Nsalu imakhuthala ndipo siibooka msanga. Imafupika ndi kukokana kuposa yozungulira, musadabwe nazo.

Pateni ikafuna kusamutsa masitichi awiri kapena atatu motsatizana, kachingwe ka kuseri kamatalika, ndipo mukakakoka nsalu imachita makwinya. Musanaluke sitichi yotsatira, tambasulani masitichi osamutsawo pa singano ya kumanja kuti ulusi uyende mtunda wonse momasuka.

Pochepetsa masitichi, monga kumutu kwa chipewa, mudzakumana ndi sl1, k1, psso. Samutsani imodzi ngati knit, lukani yotsatira, kenako ndi nsonga ya singano ya kumanzere nyamulani yosamutsa ija muidumphitse pamwamba pa yolukidwayo, igwe. Awiri asanduka imodzi yopendekera kumanzere, mnzake wa k2tog (kuluka masitichi awiri pamodzi ngati knit) amene amapendekera kumanja. Apa mukasamutsa ngati purl, sitichi ya pamwamba imapotoka ndipo mzere wochepetsawo umaoneka wokhotakhota. Mukaiwala kudumphitsa, nambala siitsika. Yolukidwa ikamagwa limodzi podumphitsa, igwireni pokoka ulusi wa ku mpukutu pang'ono. Pa ssk, samutsani awiri ngati knit, koma imodziimodzi, osati pamodzi. Lowetsani singano ya kumanzere kutsogolo kwa onse awiri, muwalukire limodzi. Ndipo sm kapena sl m si sitichi ayi, akungonena kuti samutsani kalupu kachizindikiro kaja.

Yosamuka mwangozi, ndi yogwa

Nthawi zina singano imalowa, ulusi osakoleka, sitichi n'kusamuka inu osadziwa. Mudzaizindikira ndi kutalika kwake: sitichi imodzi yayitali kuposa anzake, kumbuyo kwake kuli kachingwe kotayirira. Ngati zachitika pa mzere wapitawu, fikani pamalopo, nyamulani kachingweko mukaike pa singano ya kumanzere kutsogolo kwa sitichiyo, mbali ya kunsonga, kenako dumphitsani sitichi pamwamba pa kachingwe. Yalukika. Onani miyendo yake ngati yakhala bwino musanapitirize.

Ikakhala mizere ingapo pansi, kapena sitichi yagweratu n'kutsetsereka kusiya makwerero, ibayeni ndi pini kaye isapitirire. Tengani singano ya crochet, ija ya kambedza. Kumaso kwa nsalu kukuyang'anizana nanu, lowetsani kambedza m'sitichi kuchokera kutsogolo, kolani chingwe cha pansi penipeni pa makwererowo, chitulutseni kudzera m'lupu. Kwerani choncho chimodzichimodzi osadumpha. Yosamuka mwangozi ija mumachita kuigwetsa dala mpaka pamalopo n'kukwera nayo. Pa nsalu ya knit mizere yonse muzitembenuza ntchito pa chingwe chilichonse, apo ayi padzakhala kanjira kosalala pakati pa timatotomatoto.

Mphepete yoyamba yothina ndiyo yokha imene sindikulonjezani kuti ikonzeka ili pomwepo. Kuinyowetsa ndi kuikoka sikuthandiza kwenikweni pa ulusi wa acrylic umene wadzaza m'misika yathu. Masulani, muyambirenso ndi mpata uja pakati pa masitichi. Zina zonse mungamasule mpaka pa mzere wolakwika basi: sololani singano, yalani nsalu patebulo, kokani ulusi pang'onopang'ono, muime mzere umodzi musanafike. Apa ndi pamene sipoko ya njinga ija imaposa singano ya kusitolo. Poti ndi yowonda, imalowa m'malupu osawakoka. Mzere womalizawo masulani sitichi imodziimodzi: lowetsani sipoko m'lupu ya pansi kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, ndiye kokani ulusi utuluke, mupite pa yotsatira. Mukamaliza, werengani, yang'anani miyendo, n'kulukira pa singano yanu ya 4 mm kuchokera pa sipokopo.